Funsani Tikuyankheni: Ulendo wa ku chionetsero cha zida zachitetezo ku London

Makalata a mwezi uno achokera kwa amalonda omwe amagulitsa katundu ku nthambi zachitetezo ndipo akufuna kukaona zionetsero zakunja. Ena tawafupikitsa.

FUNSO: Kampani yathu imagulitsa jombo, yunifolomu ndi matenti ku makampani a alonda, ndipo nthawi zina timapikisana nawo pa ma tenda ogulitsa katundu kwa apolisi ndi asilikali. Tamva za chionetsero cha DSEI ku London. Kodi munthu amangogula tikiti ya ndege n'kukalipira pakhomo? Tiyambire pati? — Bambo wa ku Limbe

YANKHO: Ayi bambo, mukatero mukabwerera pageti. DSEI imachitika kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, mwezi wa September, m'zaka ngati 2023, 2025 ndi 2027. Imatenga masiku anayi, Lachiwiri mpaka Lachisanu, m'maholo a ExCeL kum'mawa kwa London, ndipo makampani oposa 1,500 amayala katundu wawo. Si ngati chionetsero chathu cha ku Chichiri chomwe aliyense amalipira n'kulowa ndi ana. Olowa kumeneku ndi asilikali, nthumwi za maboma, ndi anthu omwe ntchito yawo ikukhudzana ndi zachitetezo. Mumalembetsa pa intaneti pasadakhale, okonza chionetserochi a Clarion Events amakufufuzani kaye, ndipo akhoza kukukanani.

Polembetsa gwiritsani ntchito imelo ya kampani, osati yanuyanu ya Gmail. Ngati kampani ilibe tsamba la pa intaneti, konzani ngakhale losavuta lonena zomwe mumagulitsa ndi komwe muli, chifukwa wofufuzayo alibe njira ina yokudziwirani. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili m'pasipoti. Baji ikasiyana ndi pasipoti, m'mawa wonse wa tsiku loyamba uthera pamzere wa madandaulo.

Chachikulu pa ulendowu n'chakuti mapepala amaitanana, lililonse limafuna linzake. Yambani ndi pasipoti: ngati yatsala pang'ono kutha, ikonzeni pakadali miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Kenako lembetsani ku chionetsero kuti mukhale ndi kalata yotsimikiza. Mukatero sungitsani chipinda ku hotela, koma chomwe mungachikane osataya ndalama. Kalata ija ndi umboni wa hotela n'zomwe mupite nazo kukapempha viza. Viza ikatuluka m'pamene mugule tikiti ya ndege, ndipo tikiti ndi viza n'zomwe abanki adzafune kuti akugulitseni ndalama zakunja. Ambiri amayamba ndi tikiti poti aiona yotchipa, viza n'kukanidwa, ndalama n'kupsa.

Pa ulendo woyamba pitani ngati mlendo woona, osalipira malo oyalapo katundu. Malo amalipiritsidwa pa sikweya mita, ndipo kumanga, magetsi ndi mipando n'zolipira padera. Kampani yomwe cholinga chake n'kupeza opanga katundu oti iziwaimira kuno sisowa malo, imasowa miyendo ndi ndandanda ya anthu okumana nawo.

FUNSO: Chaka china anandikana viza ya ku Britain, ati ndalama zanga sizikuoneka komwe zachokera. Ndichite bwanji ulendo uno? Ndipo kodi nditchule kuti anandikanapo? — Mayi wa ku Area 47, Lilongwe

YANKHO: Tchulani, mayi. Zala zanu ali nazo kale m'makina awo, ndipo kubisa kumawerengedwa ngati chinyengo chomwe chingakutsekereni khomo mpaka zaka khumi. Kukanidwa pakokha si mlandu.

Viza yoyenera ndi Standard Visitor. Mumadzaza fomu pa intaneti, kulipira, kenako kukadinda zala ndi kujambulitsa ku Lilongwe. Sizitheka kupempha pakadali miyezi yoposa itatu ulendo usanafike, ndipo yankho limatenga pafupifupi masabata atatu. Choncho pa chionetsero cha September, pemphani kumapeto kwa June kapena kumayambiriro kwa July, kuti mukakanidwa mpata wopemphanso ukhalepo. Viza ya alendo ilibe apilo. Chomwe mungachite n'kuwerenga zifukwa zomwe alemba m'kalata yokukanani, n'kuyankha chimodzichimodzi ndi umboni.

Woona mapepala anu akufuna kudziwa zitatu: ngati ulendowu ndi woona, ngati ndalama zikukwana ndipo ndi zanu, komanso ngati mudzabwerera. Chimene chimagwetsa amalonda athu ndi ndalama yobwereka kwa m'bale kapena mnzawo, yoponyedwa mu akaunti kutatsala sabata kuti sitetimenti ioneke yonona. Akaunti yomwe kwa miyezi isanu yakhala ikuyenda ndi ndalama zochepa, kenako mwadzidzidzi mwalowa mamiliyoni, imadzinenera yokha. Perekani masitetimenti a miyezi isanu ndi umodzi, anu ndi a kampani, ndipo ndalama yaikulu iliyonse yomwe inalowa muiperekeze ndi invoisi kapena kontirakiti yosonyeza gwero lake. Onjezani satifiketi yolembetsera kampani, umboni wa MRA woti msonkho mumalipira, kalata ya DSEI, ndi kalata ya kampani yonena udindo wanu, masiku a ulendo ndi amene akulipira.

Ndi viza imeneyi mukhoza kukhala pa misonkhano, kukambirana mitengo, ngakhale kusaina kontirakiti. Mukhoza kutsatsa malonda anu pachionetsero, koma kugulitsa katundu pamanja n'koletsedwa.

Ndege yochoka kuno kulunjika ku London kulibe. Mudzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mukaona tikiti yotchipa yoima m'mabwalo awiri a ku Ulaya, monga Paris kenako Amsterdam, isiyeni, chifukwa pamenepo pamafunika viza ya Schengen ndipo adzakubwezani musanakwere n'komwe.

FUNSO: Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, ndinyamule bwanji ndalama za ulendo? — Bambo wa ku Mzuzu

YANKHO: Kaonaneni ndi banki yanu viza isanatuluke n'komwe, muwauze tsiku la ulendo kuti akuikeni pamzere, chifukwa kupempha lero n'kulandira mawa kunatha kale. Malire a ndalama zomwe amalola pa ulendo wamalonda amatsatira malamulo a Reserve Bank ndipo amasinthasintha, choncho funsani omwe alipo mwezi umenewo. Lisiti ya ku banki muisunge pamodzi ndi pasipoti. Pabwalo la ndege la Kamuzu kapena ku Chileka akhoza kukufunsani komwe mwatenga ndalamazo, ndipo zogula pamsika wamseri zilibe pepala loziikira kumbuyo: amalanda, mwinanso mlandu pamwamba.

Pemphani mapaundi. Mukanyamula madola mudzadyeredwa kawiri, kuno ndi uko. Muyang'anenso mtundu wake: ma £20 ndi ma £50 akale apepala anasiya kugwira ntchito pa 30 September 2022, omwe akuyenda tsopano ndi apulasitiki. Ndalama zokwana £10,000 kapena kuposa muyenera kuziulula polowa m'dzikolo.

Komabe London ndi mzinda wa khadi. Mabasi salandira ndalama zapamanja, ndipo malo ambiri odyera nawonso anasiya. Funsani abanki kuti khadi yanu ikuloledwa kugwiritsa ntchito zingati kunja pa mwezi. Hotela zambiri zimagwira ndalama ina pa khadi ngati chikole tsiku lofika, ndipo imabwerera patatha masiku mutatuluka kale. Malire anu akakhala ochepa, chikolecho chingadye zonse, inu n'kusowa yokwerera sitima.

Hotela zoyandikana ndi ExCeL zimadzaza miyezi ingapo chionetsero chisanayambe, mitengo n'kukwera. Funani chipinda m'madera omwe sitima ya Elizabeth line imadutsa, monga Woolwich, Abbey Wood kapena Whitechapel. Inshuwalansi ya paulendo musaisiye: mlendo akagonekedwa m'chipatala cha boma ku England amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wa chithandizocho.

FUNSO: Timasoka yunifolomu ndipo ndikufuna kunyamula masampulo, ena a nsalu yamawangamawanga ya asilikali. Pobwera ndikufuna kugula malaya awiri oletsa chipolopolo ndi magalasi oonera usiku kuti ndidzaonetse makasitomala. Pali vuto? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Popita vuto ndi lochepa, pobwera ndi lalikulu.

Tiyambe ndi popita. Mayiko ena ali ndi kabuku kotchedwa ATA Carnet kololeza masampulo kulowa ndi kutuluka popanda msonkho, koma kuno sikaperekedwa. Ndiye lembani ndandanda pa pepala la kampani: chinthu chilichonse, kuchuluka kwake, mtengo wake, ndi mawu oti ndi sampulo yosagulitsa. Kaonetseni kwa a MRA musananyamuke kuti podzabwerera asakulipiritseni msonkho pa katundu wanu yemwe. Ku Heathrow katundu wamalonda amayenera kuululidwa ngakhale ali m'sutikesi, choncho musangodutsa njira yobiriwira ngati mwanyamula zovala zanu. Sampulo imadutsa mosavuta ikakhala yoti singagulitsidwe: jombo imodzi m'malo mwa peyala, malaya odindidwa chidindo chosafufutika, nsalu yodula tizidutswa. Ya mawangamawangayo ikhale pansi pa sutikesi pamodzi ndi kalata ya kasitomala yemwe mumamusokera, ndipo musaivale paulendo.

Onaninso kabuku kanu kotsatsira malonda. Makampani ambiri ogulitsa zida za alonda amaikamo ndodo zamagetsi ndi matangadza a m'miyendo. Malamulo a Britain amaletsa kutsatsa zinthu zoterezi, ngakhale pa chithunzi chokha. Mu 2013 makampani awiri anathamangitsidwa pa DSEI chifukwa cha zomwezi. Chotsani masambawo musanasindikize.

Tsopano za pobwera. Pachionetserochi palibe kugula n'kunyamula. Malaya oletsa chipolopolo a mtundu wa asilikali, zipewa zankhondo, magalasi oonera usiku, mawayilesi obisa mawu ndi ma drone ena zili pa ndandanda ya katundu wolamulidwa, ndipo sizituluka m'dziko popanda chilolezo cha boma. Ku Britain chimaperekedwa ndi Export Control Joint Unit. Katundu wa ku America amatsatira malamulo a ITAR kapena EAR, omwe amalondola chinthucho kulikonse komwe chapita, ngakhale kachipangizo kamodzi ka ku America kali m'kati mwa makina opangidwa kwina. Ku South Africa chilolezo chimachokera ku komiti ya NCACC. Munthu wopezeka ndi magalasi oterewa m'chikwama pabwalo la ndege wopanda pepala samangolandidwa, amamangidwa.

Kuti chilolezo chituluke pamafunika satifiketi ya wogwiritsa ntchito katunduyo, yomwe amalonda amangoitchula kuti EUC. Amasaina ndi mwini wake weniweni, kaya ndi Malawi Defence Force kaya apolisi, kulonjeza kuti sadzagulitsa kwina. Inu ngati wamalonda simungadzisainire. N'chifukwa chake sampulo yoonetsa imabwera kudzera mwa wopanga, pa chilolezo chake, kasitomala wanu atalemba kalata yoti akufuna kuiona.

Apa m'pamene pali mbuna ya ma tenda. Chilolezo chimatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndipo wopanga sayamba kutumiza chisanatuluke. Ngati tenda ikuti mubweretse m'masiku 60, inu n'kusaina musanafunse, mudzalipira chindapusa cha kuchedwa pa zomwe simungazifulumizitse. Katundu akamabwera panyanja kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, dziko lomwe akudutsamo nalo limafuna chilolezo chake. Mawayilesi akafika kuno amafunanso chilolezo cha MACRA. Ndiye mukaima pa malo a wopanga aliyense, funsani kuti katunduyu ndi wolamulidwa kapena ayi, ndi dziko liti lopereka chilolezo, chimatenga nthawi yotani, ndipo oda yochepetsetsa ndi zingati. Mtengo akakuuzani, funsani ngati ndi wa EXW, kutanthauza pakhomo pa fakitale, kapena CIF Beira, kutanthauza mpaka padoko la Beira pamodzi ndi inshuwalansi, kapena DAP Lilongwe, kutanthauza mpaka katundu atafika ku Lilongwe. Kusiyana kwake kungameze phindu lonse.

Pa malayawo pemphani lipoti la kuyezedwa kwake, osangomva zakukamwa. Pa muyezo wa NIJ wa ku America, malaya ofewa a level IIIA amaletsa chipolopolo cha pisito, koma cha mfuti yaikulu ngati AK-47 chimaboola. Pamenepo pamafunika mbale zolimba za level III kapena IV. Onaninso tsiku lomwe anapangidwa, pakuti opanga ambiri amatsimikizira malaya ofewa kwa zaka zisanu zokha, ndipo otchipa modabwitsa nthawi zambiri amakhala atakhalitsa m'nyumba yosungiramo katundu.

Kanthu kena kakang'ono: makampani ena amagawa mphatso ngati zokolekera makiyi zopangidwa ndi khoko la chipolopolo. Kanani. Makina a pabwalo la ndege sasiyanitsa chipolopolo chakufa ndi chamoyo.

FUNSO: Bwana wina wa m'boma yemwe amakhudzidwa ndi zogulagula wandipempha kuti ndimulipirire tikiti ndi hotela kuti tipitire limodzi, ati akandilumikiza ndi makampani. Ndivomere? — Wamalonda wa ku Kanengo

YANKHO: Musavomere, achimwene. Nthumwi za maboma ku DSEI zimaitanidwa ndi boma la Britain, ndipo ulendo wawo uli ndi njira yake ya ndalama. Tikiti yogulira munthu amene mawa adzakhale pa komiti yoona tenda yanu ndi chiphuphu pa lamulo lathu la Corrupt Practices Act. Mukapitiriza nkhaniyo muli ku London, mwalowanso m'manja mwa Bribery Act ya 2010, yomwe chilango chake chimafika zaka khumi m'ndende. Sitikukamba zakutali: makontirakiti ogulitsa katundu kwa asilikali ndi apolisi a kuno anafufuzidwapo kale ndi ACB pamodzi ndi National Crime Agency ya ku Britain.

Ngakhale pa malonda penipeni bwanayo akuonongerani. Kampani yaikulu isanakupatseni kalata yoti ndinu ejenti wawo, imakutumizirani mafunso ambirimbiri: eni kampani yanu ndi ndani, pali wachibale wogwira ntchito m'boma kapena ku usilikali, munalipirirapo mkulu wa boma ulendo kapena mphatso. Kufika pa malo awo mutatsagana ndi wogula wa boma yemwe mwamulipirira kumatseka nkhani pomwepo. Chomwe mukufuna kubwera nacho ndi pangano lolembedwa lonena dera lomwe mukuimira, ngati muli nokha kapena pali ena, nthawi yake, ndi komishoni yolipidwa ku akaunti ya kampani, kuphatikizapo kalata ya wopanga yokulolani kupikisana pa tenda ndi katundu wake.

FUNSO: Masiku anayiwo ndiwagawe bwanji? Sindinapiteko ku London. — Mnyamata woyamba kumene bizinesi, Blantyre

YANKHO: Fikani Lamlungu kuti Lolemba mupume ndi kuyesa njira. Kuchokera ku Heathrow, sitima ya Elizabeth line yopita ku Abbey Wood imakutulani pa Custom House, pakhomo penipeni pa ExCeL. Onetsetsani kuti yalembedwa Abbey Wood, chifukwa ina imapatukira ku Shenfield. Mumalipira pogunditsa khadi ya ku banki kapena ya Oyster (khadi yokwerera masitima ndi mabasi ku London) polowa ndi potuluka, khadi yomweyo konse kuwiri. Nthawi ya kumeneko mu September imatsalira ola limodzi poyerekeza ndi yathu, ndipo masoketi a magetsi ndi ofanana ndi a kuno. Tengani jekete ndi ambulera.

Panja pamakhala anthu ochita zionetsero zotsutsa malonda a zida, ndi apolisi ambiri. Dutsani mwaulemu, osatsutsana nawo, ndipo baji muzivala mukalowa, n'kuivula potuluka. Pakhomo amasecha ngati pabwalo la ndege, choncho nyamulani pasipoti tsiku lililonse ndipo muwerengere mzere.

Maholowo ndi aakulu kuposa masikweya mita 100,000, ndipo padoko la pambali pake pamakocheza sitima zankhondo. Wongoyendayenda amatopa asanapeze kanthu. Ndandanda ya makampani imatuluka pa intaneti pasadakhale: sankhani makumi awiri kapena atatu ogwirizana ndi malonda anu, muwalembere kutatsala mwezi ndi theka, mupemphe mphindi 30 aliyense. Misonkhano isanu kapena isanu ndi umodzi patsiku ndi yokwana, ndipo muisanje potsata malo kuti musamathamange uku ndi uku. Lachiwiri ndi Lachitatu akuluakulu a makampani amakhala otanganidwa ndi akazembe a nkhondo ndi nduna. Wamalonda wamng'ono amamvedwa bwino Lachinayi. Lachisanu anthu amayamba kulongedza msanga. Musathere nthawi pa akasinja ndi ndege zomwe simudzagulitsa. Pitani kwa opanga nsalu, jombo, matenti, majenereta, zosefera madzi ndi zipangizo zachipatala, komwe zilolezo sizivuta kwambiri.

Tengani makhadi a bizinesi 200 okhala ndi nambala yoyamba ndi +265, ndi tsamba limodzi lofotokoza kampani yanu. Valani suti, koma nsapato zikhale zozolowera phazi. Pemphani musanajambule chilichonse. Fulashi yopatsidwa ulere musailowetse mu kompyuta yanu, apempheni atumize pa imelo. Power bank imakwera nanu m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndege, ndipo isapitirire 100 Wh. Madzulo aliwonse lembani kuseri kwa khadi ya munthu aliyense zomwe munagwirizana, ndipo muwalembere isanathe sabata mutabwerako.

FUNSO: London yatikulira. Palibe kwina kwapafupi? — Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Kulipo. Chionetsero cha Africa Aerospace and Defence (AAD) chimachitika ku South Africa mwezi wa September m'zaka zomwe kulibe DSEI, ndipo chakhala chikuchitikira pabwalo la ndege zankhondo la Waterkloof pafupi ndi Pretoria. Masiku atatu oyamba ndi a amalonda, Loweruka ndi Lamlungu ndi a aliyense okaonera ndege, ndiye lembetsani a amalondawo. Mmalawi safuna viza pa ulendo wosapitirira masiku 30, koma pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Ndege za ku Johannesburg zilipo zolunjika kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mukasankha yozungulira ku Nairobi kapena Addis Ababa n'kudikira kumeneko maola oposa 12, adzakufunsani khadi ya katemera wa yellow fever. Masoketi awo ndi osiyana ndi athu, gulani adaputa.

Opanga ambiri omwe amabwera kumeneko amawadziwa kale misewu yathu, nyengo yathu ndi kagulidwe ka maboma a kuno, ndipo katundu wawo amafika pa msewu kudzera ku Mwanza kapena Dedza. Eurosatory ya ku Paris, yomwe imachitika mu June m'zaka zomwezo za AAD, ndi IDEX ya ku Abu Dhabi, yomwe imachitika kumayambiriro kwa chaka cha DSEI, zonse zimafuna viza ndi ndalama zofanana ndi za ku London. Malamulo a EUC ndi zilolezo za katundu wolamulidwa ndi omwewo konseko.